Wotiseketsayo ali ndi dzina: zimene tikuphunzira kwa Gertrude Kamkwatira

Awa ndi mawu amene tinayankhula ku Uliwa, m'boma la Karonga, pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana. Ambiri mwakhala mukupempha kuti tiwaike pano, ndiye ndi awa.

Mutikhululukire, tiyankhula m'Chichewa chifukwa pakati pathu pali anzathu ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo tikufuna aliyense abwerere atamva.

Tisanapite patali, tiyeni tiwaomberenso m'manja atsikana amene atichitira sewero lija. Ife tinali kumbuyoko, tikuyang'ana nkhope zanu. Pamene mtengwa amalira, munangoti zii. Pamene mwamuna amakalipa, ena munayamba kuyang'ana mafoni, tinakuonani. Koma apongozi aja atangolowa, chitenje chili pachifuwa, n'kukhala pansi kuyamba kuwerenga usipa m'mbale mmodzimmodzi kuti aone ngati mtengwa wabako, holo yonse inafa ndi phwete. Amayi ena apa mpaka anapukuta misozi ndi mpango.

Ndiye funso lathu ndi ili: mtsikana amene anali apongoziyo, dzina lake ndani? Inu a kuno mukumudziwa chifukwa ndi mwana wanu. Koma alendofe pofika mawa tizingoti "apongozi aja". Pakatha chaka tizikumbukira usipa, iye titamuiwala.

Tiyeni tiyesane pang'ono. Ife titchula dzina la m'sewero, inu mutchule mwini wake. Izeki? Malemu John Nyanga. Jakobo? Malemu Eric Mabedi. Winiko? Bon Kalindo. Manganya? Michael Usi. Mwaona, simunachedwe n'komwe. Ndipo mayina amenewa sanathere pa siteji. A Kalindo anafika pokhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. A Usi mu 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino. Kuseketsa anthu kunawatsegulira zitseko zikuluzikulu.

Tsopano tchulani amayi amene takhala tikuwamva pa wailesi ndi kuwaonera pa siteji zaka zonsezi: mkazi wolongolola, mlamu wamiseche, azakhali obwera osaitanidwa, wantchito wam'nyumba wodziwa zinsinsi za bwana. Mwaona mmene mwakhalira chete? Wina kumbuyoko wati Nanyoni. Zikomo achemwali. Koma ndi angati muno amadziwa kuti dzina lawo ndi Enifa Chiwaya? Nanga a Emma Chikwembeya a Kwathu Drama Group, ndi angati tikanawatchula popanda kukumbutsidwa?

Sikuti amayiwa luso lawo ndi lochepa. Nthabwala ya mwamuna siipsa ngati palibe womuyankha, ndipo nthawi zambiri woyankhayo ndi mkazi. Iye ndi amene amadziwa pomwe akhale chete, pomwe atembenuze diso, pomwe aponye liwu limodzi lokha holo n'kugwa. Koma dzina limapita kwa wina. Ndipo asisi, m'ntchito imeneyi dzina ndiye ndalama. Dzina ndi limene limaitanidwa kukachita malonda a kampani, dzina ndi limene limasaina kontirakiti, dzina ndi limene limathandizidwa ukadwala. Amene alibe dzina amangothokozedwa basi.

Lero tikufuna tikambe za mayi mmodzi amene anakana kukhala wopanda dzina. Ndipo nkhani yake, mwina simukudziwa, ili ndi muzu kuno komwe.

Dunduzu Chisiza, mmodzi mwa anthu amene anamenyera ufulu wa dziko lino, anabadwa mu 1930 kufupi ndi kuno, kumene azungu ankakutcha Florence Bay, ndipo sukulu anayambira pa Uliwa pompano asanakwere phiri kupita ku Livingstonia. Anamwalira pa ngozi ya galimoto mu September 1962. Patapita miyezi ingapo, mu 1963, kunabadwa mwana wake amene sanawaone bambo ake, Du Chisiza Jr. Mwana ameneyu ndi amene mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu limene linaonetsa Amalawi kuti zisudzo si zocheza za ana a sukulu zokha, koma ntchito yoti munthu n'kudyerapo. Ndipo m'gulu limeneli ndi mmene munali a Gertrude Kamkwatira.

Kuti timvetse kulimba mtima kwawo, tikumbuke Malawi wa nthawi imeneyo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa mkazi kuvala thalauzi kapena siketi yaifupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Sewero lililonse linkayenera kudutsa kaye ku bungwe la boma lounika mabuku ndi masewero. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Kunalibe Facebook, kunalibe TikTok. Kuti anthu akuonere unkayenera kuwapitira: lero French Cultural Centre ku Blantyre, mawa holo ya sekondale kwinakwake, mkuja Lilongwe kapena Mzuzu, ndalama n'kukhala zomwe zatoleredwa pakhomo. Mkazi woyenda maulendo otere pamodzi ndi amuna, kugona kutali ndi kwawo, kuima pamaso pa anthu n'kukweza mawu, mukudziwa nokha mayina amene anthu amamupatsa. Mpaka lero sanasinthe mayinawo.

A Gertrude anapirira, nakhala mmodzi mwa nkhope zodziwika za Wakhumbata. Koma gululo linali la Du. Wolemba Du, wotsogolera Du, dzina lokokera anthu pakhomo Du. Ndiye mu February 1999 Du anamwalira ali ndi zaka 35 zokha. Tonse tikudziwa zimene zimachitika mwini gulu akamwalira kuno kwathu: maliro akatha, gulu nalonso limaikidwa m'manda. Koma a Gertrude anatenga utsogoleri wa Wakhumbata, masewero n'kupitirira. Kenako anachoka n'kukayambitsa gulu lawolawo, Wanna Do Ensemble Theatre.

Apa ndi pamene tikufuna tiime pang'ono. Sanangosintha gulu ayi, anasintha malo amene ankaima. Anachoka pokhala munthu woloweza mawu olembedwa ndi wina, n'kukhala wogwira cholembera. Analemba masewero oposa khumi m'Chingerezi, ena mwa iwo ndi It's My Fault, Jesus' Retrial ndi Breaking the News. It's My Fault ndi sewero lokamba za nkhanza za m'banja ndi kuponderezedwa kwa mkazi pa nkhani zogonana. Breaking the News limakamba za Edzi, pa nthawi imene matendawa ankatha anthu koma m'makomo ambiri dzina lake silinkatchulidwa. Tangoganizani za mutu woyamba uja. Ndi mawu amene mkazi womenyedwa amadziuza yekha: ndalakwa ndine, ndikanaphika msanga, ndikanakhala chete. Mayi ameneyu anatenga mawu a kuchipinda amenewo n'kuwaika pa siteji, anthu n'kulipira pakhomo kuti akawamve.

Sizinathere pomwepo. A Gertrude anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la ochita zisudzo m'dziko muno, National Theatre Association of Malawi, komanso wapampando wa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Kutanthauza kuti anafika pa tebulo pamene pamakambidwa za ndalama ndi za umwini, pamene kawirikawiri pamakhala amuna okhaokha. Anamwalira mu 2006 ali ndi zaka pafupifupi 40. Chaka chomwecho ndi chimene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Zimene lamulo linadzalemba, iwo anali ataziyankhula kale pa siteji.

Ambirife muno mu 2006 tinali ana, ena munali musanabadwe. Sitinawaonere. Ku sekondale tinaloweza Shakespeare mpaka kumulota, koma dzina la Gertrude Kamkwatira ambirife talimva titakula kale. Mayi amene anatsogolera magulu awiri, analemba masewero oposa khumi, anatsogolera mabungwe awiri a dziko lonse, m'badwo umodzi wokha wadutsa ndipo tayamba kale kufunsana kuti anali ndani. Nanga amene sanafike pamenepo, amene moyo wawo wonse anali azakhali ndi apongozi a m'masewero a ena, atsala ndi chiyani?

Vutoli si la Malawi yekha. Ngakhale ku America, kumene mafilimu ndi bizinesi ya ndalama zankhaninkhani, aliko amayi otere, ndipo ntchito yawo ili ndi dzina: amawatcha ma character actress. Si amene amakwatiwa kumapeto kwa filimu ayi. Ndi namwino wolusa, mlembi wa pakamwa pakuthwa, wantchito wam'nyumba, azakhali. Ndi angati muno anaonera Sister Act, filimu ya masisitere oimba kwaya ija? Manja ambiri. Whoopi Goldberg tonse tikumudziwa. Nanga sisitere wamtali wachikulire uja, wa mawu okhakhala, amene ankatsogolera kwaya yoimba mosokoneza Whoopi asanabwere? Dzina lake ndi Mary Wickes. Anabadwa mu 1910, anayamba zisudzo m'zaka za m'ma 1930, ndipo pamene Sister Act inkatuluka mu 1992 anali atapitirira zaka 80. Zaka pafupifupi 60 akuseketsa anthu ngati namwino, wantchito ndi sisitere, nkhope yodziwika kulikonse, dzina lodziwika ndi ochepa. Koma taonani chimene anachita. Ankalipidwa, anasunga, ndipo atamwalira mu 1995 anasiyira chuma yunivesite imene anaphunzirako, Washington University ku St. Louis, kuti chithandize laibulale pa za zisudzo ndi mafilimu. Mapepala a ntchito yake akusungidwa komweko. Wofuna kumudziwa ali ndi pokayambira.

Wina ndi Hattie McDaniel, mayi wachikuda, woimba komanso wanthabwala. Mu 1940 anakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphotho ya Oscar, chifukwa cha mbali ya wantchito wam'nyumba mu filimu ya Gone with the Wind. Tsiku loyamba kuonetsa filimuyo ku Atlanta sanaloledwe kukhalapo chifukwa cha khungu lake. Usiku wolandira mphotho anamukhazika pa tebulo lapambali, kutali ndi azungu amene anachita nawo filimu. Mphothoyo sinasinthe mbali zimene ankapatsidwa: anapitiriza kukhala wantchito wam'nyumba m'filimu ndi m'filimu, akuda anzake ena n'kumamudzudzula kuti akuwachititsa manyazi. Koma cholembera sichinali m'manja mwake. Panadutsa zaka 51 kuti mkazi wina wakuda alandire Oscar ya kuchita sewero, ndipo ameneyo anali Whoopi Goldberg yemwe uja, mu 1991.

Tawatchula awiriwa chifukwa akutithandiza kuona bwino chimene a Gertrude anachita. Hattie anali ndi luso ndi mphotho, koma ena ndi amene ankasankha kuti iye akhale ndani. Mary anali ndi malipiro ndi pomusungira mbiri, koma anakhalabe wapambali. A Gertrude analibe Hollywood, analibe ndalama zimenezo, koma anagwira cholembera ndi chiwongolero. Chimene chikusowa ndi chakuti ife tiwasunge.

Ndipo njira imene anailambula ena akuyendamo. Mu 2010 Tapiwa Gwaza analandira mphotho ya Africa Movie Academy Awards, ya mkazi wochita bwino mbali yothandizira, mu filimu ya Seasons of a Life ya Shemu Joyah. Mwamva? Mbali yothandizira, yomwe ija timati yaing'ono, ndi imene inabweretsa mphotho ya Africa yonse kumudzi. Mu 2016 filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards, ndipo iyeyu ndi mkazi amene anayambira pa siteji n'kufika popanga mafilimu ake. Pa mafoni athu tili ndi Nya-Uyu, Felistus Ngwira, amene sanadikire kuti wina amuitane m'gulu. Ndiye wina asatinamize kuti mkazi sangaseketse anthu payekha, kapena kuti dzina la mkazi silikoka anthu.

Tsopano tibwere pakhomo pathu, chifukwa kuloza ena chala n'kosavuta. Chaka chathachi bungwe lina linaitana gulu lathu la zisudzo kuti likachite sewero pa msonkhano wokamba za maukwati a ana. Atsikana anayeserera masabata awiri, ena akuchoka kumunda wa mpunga kubwera molunjika, ena atasiya geni yawo pamsika. Tsikulo anachita bwino, alendo anaseka, anajambula zithunzi. Ndalama ya gulu inaperekedwa m'manja mwa mnyamata mmodzi chifukwa ndi amene anali "tcheya". Atsikana analandira T-shirt, botolo la zakumwa ndi banzi. Lipoti la bungwelo litatuluka, pachikuto panali chithunzi cha mtsikana wathu ali pakati pa sewero, pansi pake atalemba kuti "achinyamata a m'deralo". Sewero lokamba za ufulu wa atsikana, atsikana ake osalipidwa, osatchulidwa.

Ndipo tivomere, ifenso tinalakwa. Sitinafunse za ndalama tisanavomere. Tinachita manyazi, tinkaopa kuoneka ngati okonda ndalama pa ntchito yothandiza anthu. Koma amene anabwera pa galimoto aja analandira alawansi yawo popanda manyazi. Akuluakulu anati mwana wosalira amafera m'mbereko. Tinaphunzira.

Pali china chimene atsikana amatinong'oneza, sachinena pagulu. Wotsogolera sewero amene amati mbali yaikulu ndikupatsa, koma ubwere madzulo tidzayeserere awiri. Ukakana, sabata yamawa wapezeka uli mtengo kapena uli m'gulu la olira maliro. Asisi, zimenezo si mwambo wa zisudzo, ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo silinanene kuti kupatula pa siteji. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Ndipo ife tilipo kuti tikuperekezeni, musapite nokha.

Chomaliza pa mavutowa, ndipo kwa ife ndiye chachikulu: kodi timaseka chiyani? Taganizirani masewero amene timaonera pa misonkhano, kutchalitchi, pa TikTok. Mtsikana wopita ku tauni amabwerako ndi matenda basi. Mkazi wophunzira sadziwa kuphika kondowole, banja limamukanika. Mkazi wonenepa kapena wakuda kwambiri amalowa kuti anthu aseke thupi lake, asanayankhule n'komwe. Mwamuna akavula lamba kuthamangitsa mkazi wake, holo imaseka. Ndipo gogo wamasiye, wopanda mano, wokhala yekha, nthawi zonse ndi mfiti. Inu a kuno ku Karonga mukudziwa kuposa ife kuti mawu oti mfiti sathera pa siteji. M'boma lino ndi m'maboma ena agogo amenyedwa, athamangitsidwa m'midzi, ena aphedwa chifukwa cha liwu limeneli, chonsecho malamulo a dziko lino amati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mwana amene waseka gogo-mfiti pa siteji kakhumi, tsiku limene anthu adzatole miyala sadzadabwa.

Sitikunena kuti tisiye kuseka, ayi ndithu. Gulu la amayi losaseka silikhalitsa. Ndipo nthabwala si zobwereka kwa amuna. Agogo athu pamtondo ankaimba nyimbo zonyoza mwamuna waulesi, mwamuna woumira, apongozi ovuta, mwini wake ali pakhonde akumva koma osatha kuyankha chifukwa ndi nyimbo. Zimenezo zinali zisudzo, ndipo olemba ake anali akazi. Kusiyana kwake kuli pa kumene chiseko chaloza. Sewero taonera lero lija, sitinaseke mtengwa wolira. Tinaseka apongozi owerenga usipa, tinaseka kuumira ndi nkhanza, ndipo tikukhulupirira kuti alipo wina muno amene anaseka kenako n'kudzifunsa mumtima. Chiseko choloza wankhanza chimamuchepetsa. Chiseko choloza wozunzidwa chimamumaliza. Amene amasankha kolozako ndi amene walemba. N'chifukwa chake tikukakamira pa cholembera cha a Gertrude.

Ndiye tichite chiyani? Tabwera ndi zinthu zisanu, zoti tikhoza kuyamba mawa popanda kudikira thandizo la aliyense.

Choyamba, mayina. Sewero lililonse likatha, onse otenga mbali aziima kutsogolo, aliyense atchulidwe dzina lake ndi mbali yake. Tikaika kanema kapena chithunzi pa Facebook, pa WhatsApp, pa TikTok, tilembe mayina a amene avomera kutchulidwa. Inu a m'tauni amene mumagwira ntchito m'mabungwe ndipo mumalemba malipoti, mawu oti "achinyamata a m'deralo" athe. Funsani dzina, funsani chilolezo.

Chachiwiri, ndalama zikambidwe tisanayambe kuyeserera, ndipo zilembedwe papepala. Ndi zingati, transipoti ndi ya ndani, zigawidwa bwanji. Masiku ano pali Airtel Money ndi Mpamba, palibe chifukwa choti ndalama ya anthu khumi ilowe m'thumba la munthu mmodzi. Aliyense alandire yake pa foni yake. Ndipo amene waseketsa anthu mphindi zisanu asalandire zochepa ngati kuti sanagwire ntchito, chifukwa mphindi zisanu zimenezo ndi zimene anthu akakambe kunyumba.

Chachitatu, tilembe. Masewero athu ambiri timangopangana pakamwa, wina akakwatiwa kapena akasamuka sewero lapita naye. Gulani kope la sukulu, lembani, m'Chitumbuka, m'Chinkhonde, m'Chichewa, chilankhulo chilichonse chimene mumaseka nacho. Pamwamba lembani dzina la wolemba ndi tsiku. Mukafika poti ntchito yanu ikumveka pa wailesi kapena ikugulitsidwa, pitani ku COSOMA mukafunse za kulembetsa. Mpando umene a Gertrude anakhalapo uja si wa oimba aamuna okha.

Chachinayi, kuyeserera kuzichitika masana, pamalo oonekera, ndipo pasakhale mtsikana woitanidwa yekha. Gulu lililonse likhale ndi mayi wamkulu mmodzi amene atsikana angamuuze zakukhosi. Izi zithandizanso makolo. Amayi athu muli muno, tikudziwa kuti mukamaletsa mwana kuchita zisudzo si chifukwa chomuda, ndi mantha. Mantha anuwo ali ndi chifukwa. Koma m'malo momutsekera m'nyumba, bwerani mudzakhale nafe poyeserera. Mtsikana amene waphunzira kuima pamaso pa anthu 200 n'kuyankhula mosanjenjemera ndi yemweyo amene adzathe kukana ukwati wokakamizidwa, ndi yemweyo adzathe kuyankha pa intavyu ya ntchito.

Chachisanu, tisunge mbiri. Amayi amene anachita zisudzo pa wailesi ndi pa siteji m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ambiri alipo, akukalamba. Ena ali ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Kawale, ku Chibavi, mwina ndi oyandikana nawo nyumba. Ena ndi amene ankaseketsa anthu ku Umanyano kapena ku Mvano, osafika pa wailesi. Foni imene timajambulira ma selfie ikhoza kujambula nkhani yawo. Apempheni, khalani nawo pansi, afunseni kuti anayamba bwanji, ankalipidwa zingati, kunyumba ankati chiyani. Inu amene muli ku yunivesite ndipo mukusowa mutu wa kafukufuku, mutu ndi umenewu. Tisadikire tsiku la maliro kuti tidzanene kuti anali katswiri. Mawu okoma a pamanda sagula mankhwala.

Mwina wina akuti, pa masiku 16 ano pamene atsikana akugwiriridwa, ena akukwatiwa ali ana, ife tikukamba za nthabwala? Eya, tikukamba za nthabwala, chifukwa ndi nkhani imodzi. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Lamulo lilipo. Koma ndi angati ku Hara, ku Chitimba kapena ku Wovwe anawerenga lamulolo? Amene amalifikitsa kumudzi ndi mtsikana wovala chitenje cha agogo ake, atadzipaka phulusa kumutu kuti aoneke wokalamba, akuseketsa anthu pansi pa mtengo wa mango. Iye ndi amene amasenza uthenga wa mabungwe onse. Ngati ife omenyera ufulu wa amayi tikumugwiritsa ntchito popanda dzina ndi popanda malipiro, tikusiyana pati ndi amene tikulimbana nawo?

Mwana amene anaphunzira pa sukulu ya pano anabereka mwana amene anayambitsa Wakhumbata. M'gulu limenelo munatuluka mayi amene anaonetsa dziko kuti mkazi akhoza kulemba, kutsogolera ndi kukhala mwini. Sitikuona chifukwa choti wotsatira asachokere pa Uliwa pompano, ndipo ulendo uno asadutsire m'gulu la mwamuna aliyense.

Ndiye tisanatseke, apongozi aja ali kuti? Bwerani kutsogolo kuno achemwali, ndi mbale yanu ya usipa yomweyo. Bwerani ndi anzanu onse. Ife sitikutchulirani dzina. Maikolofoni ndi iyi, litchuleni nokha, mokweza, a kumbuyo amve. Ndipo tonse tilibwereze.



Kwa inu owerenga pano: tilembereni dzina la mayi kapena mtsikana wa zisudzo amene anakusekatsanipo, wa pa wailesi, pa siteji kapena pa foni. Dzina lake lenileni. Ngati simukulidziwa, kafunseni kaye, mubwere nalo.